Musanagule kabati, yambani mwatulutsa utsi m'khitchini

Alimi anzanga, nyengo yogulitsa mbewu ikafika pamakhala chikondwerero pa Mponela, pa Kamwendo, pa Lizulu ngakhalenso pa Jenda. Amene wagulitsa fodya ku okushoni, amene wapikulitsa soya kapena mtedza, aliyense amayenda dzanja lili m'thumba. Akalipentala nawo amatulutsa makabati awo onyezimira n'kuwandandalika m'mbali mwa msewu, ena a magalasi kutsogolo. M'masitolo mumadzaza mafiriji, masinki a chitsulo ndi mbaula za magetsi za mapuleti anayi. Kale mlimi akapeza ndalama ankathamangira njinga, wailesi ndi malata. Masiku ano ambiri amene anafolera kale nyumba zawo ayamba kuganiza zokonza khitchini, ndipo ine ndikuti maganizo amenewa ndi abwino zedi pakuti amayi athu aphikira m'malo osayenera kwa nthawi yaitali.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi m'mene ndalama zake zikuyendera. Pa ntchito yanga yoyendera alimi ndimalowa m'makhitchini ambiri, popeza nkhani ya kasungidwe ka chimanga ndi mtedza imakathera komweko. Ndimapezamo makabati ofufuma kumunsi, zitseko zolendewera pa msomali umodzi ndi mbaula za magetsi zomwe zinasanduka poika mbale, pamene mayi akuphikabe pa mafuwa kuseri kwa nyumba, maso ali psu ndi utsi. Thukuta la chaka chathunthu lathera pa katundu amene sanathe n'komwe zaka ziwiri.

Kukonza khitchini kuli ndi ndondomeko yake monga momwe ulimi ulili. Palibe mlimi wanzeru amene amathira feteleza m'munda wosapalira. Chimodzimodzinso m'khitchini: muyambe mwathana ndi utsi, kenaka madzi, kenaka chiswe, ndipo katundu wa m'sitolo alowe pomalizira penipeni.

Ndayambira pa utsi chifukwa ndi umene ukupha anthu. Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse m'dziko muno, pafupifupi 77 ankaphikira nkhuni, 18 ankaphikira makala, ndipo ophikira magetsi anali awiri okha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera kaamba ka utsi wa m'nyumba. Amene amaupuma kwambiri utsiwu ndi mayi wophika ndi mwana amene ali kumbuyo kwake. Mukayang'ana mwaye umene wakuta denga la khitchini yanu, dziwani kuti womwewo ukulowanso m'chifuwa cha akunyumba kwanu tsiku ndi tsiku.

Chodabwitsa n'chakuti ife alimi nzeru yoyendetsa mpweya tili nayo kale. Pomanga chigafa timaonetsetsa kuti mphepo izidutsa bwino kuopa kuti fodya angaole. Amene amalima fodya wochiza ndi moto amadziwa kumanga chumuni chokoka bwino, amadziwanso potsegula ndi potseka kuti utsi usakhudze tsamba. Koma munthu yemweyo akafika pa khitchini amamanga kachipinda ka malata otsika, kopanda zenera, chitseko chimodzi basi. Kodi tsamba la fodya laposa mapapo a mkazi wanu?

Ntchito yoyamba tsono ndi ya mmisiri womanga. Boolani mazenera awiri oyang'anizana kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Siyani mpata pakati pa khoma ndi denga, kapena ikani njerwa za mabowo m'mizere ya pamwamba, chifukwa utsi umakwera ndipo umafuna potulukira kumwamba. Ngati mukumanga mbaula ya njerwa yokhazikika, ikhale ndi chumuni chopitirira msonga ya denga, ndipo muzichichotsa mwaye kawirikawiri. Konzaninso kakhumbi kosungiramo nkhuni kuti zisanyowe, pakuti nkhuni zaziwisi ndi zonyowa ndizo zimafuka kwambiri. Mbaula ya makala musalowe nayo m'chipinda chotseka, makamaka usiku m'miyezi yozizira ya June ndi July. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndiponso wosanunkha, umene umagoneka munthu tulo tosadzuka nato.

Ambiri mukuidziwa Chitetezo Mbaula, ija youmba ndi dothi. M'chaka cha 2013 boma la Mayi Joyce Banda linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosatha nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo. Mbaula imeneyi ndi yotsika mtengo, imatha nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa, ndipo imayaka bwino ndi timitengo ta nandolo ndi zitsononkho zomwe mlimi ali nazo kale. Ine ndimailimbikitsa. Komabe pali phunziro limene tinalitola m'dziko mwathu momwe muno. Akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno anachita kafukufuku ku Chikwawa ndi ku Karonga, wokhudza ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi kafani kokoleza moto, koyendera mphamvu ya dzuwa. Zotsatira zake zitatuluka kumapeto kwa 2016, zinaonetsa kuti chibayo pakati pa ana sichinachepe. Ngozi za kupsa ndi moto zinachepako ndithu, koma mbaulazo zinkaonongeka pafupipafupi ndipo zinkafuna okonza. Apa ndi pamene ndimaona kuti chipangizo pachokha, kaya n'chamakono bwanji, sichichiritsa khitchini yomangidwa molakwika.

Tikathana ndi utsi tibwere ku madzi. Sinki yatchuka masiku ano, moti ena akuigula ngakhale kuti madzi amatunga ku mjigo. Kutero si kulakwa, popeza kutsuka mbale utaimirira kumapumitsa msana. Vuto limakhala pa kumene madzi otsukirawo akupita. Kawirikawiri mmisiri amangoika sinki pa kabati ya matabwa n'kutchera ndowa kunsi kwake. Ndowa ikadzaza kapena paipi ikayamba kudontha, kabati yonse imamwa madzi, ndipo mumdima monyowamo ndi mmene mphemvu zimaswanirana. Musalole kuti sinki ilowe m'nyumba paipi yotulutsa madzi isanaboole khoma. Paipiyo ikhale yotsetsereka, ikathire m'dzenje lodzaza miyala lotalikirana ndi maziko a nyumba, kapena m'ngalande yopita pa phando la nthochi. Nthochi zimakondwa nawo madzi amenewa, ndipo simusiya chithaphwi choswera udzudzu. Pansi pa khitchini napo pakhale popendekera pang'ono chakukhomo kuti madzi otayika azituluka okha. Ngati mukuthira simenti yatsopano, yalani kaye pepala la pulasitiki lokhuthala kuti chinyontho cha m'nthaka chisakwere. Thandala la pabwalo musaligwetse ayi, chifukwa palibe kabati imene imaumitsa mbale kuposa dzuwa.

Tsopano za makabati enieniwo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makabati ambiri owala amene mukuwaona pa msika ndi opangidwa ndi chipibodi, kutanthauza utuchi ndi tizibenthu ta mitengo zomatidwa pamodzi ndi guluu, n'kuzikuta ndi kapepala kokongola pamwamba. M'chipinda chochezera, pouma, chipibodi chimakhalitsa ndithu. Koma chikangomwa madzi chimafufuma ngati chitumbuwa ndipo sichibwereranso mwakale. Zomangira zitseko zimazuka chifukwa utuchi wofewa sugwira msomali kachiwiri. Pogula, zungulirani kumbuyo kwa kabati, tsegulani madirowa, yang'anani m'mphepete mosapakidwa utoto. Mukaona timadontho ta utuchi m'malo mwa mizere ya mtengo, dziwani chimene mukugula.

Ngakhale matabwa enieni ali ndi msampha wake. Nyengo ya ndalama akalipentala amakhala ndi maoda ambiri, tsono ena amapala matabwa ongocheka kumene. Thabwa laliwisi likamauma limakhwinyata ndi kupindika, kotero kuti pofika mwezi wa October chitseko chimene chinkatseka bwino chimasiya mpata wolowa khoswe. Thabwa laliwisi limalemera ndipo limazizira mukaligwira. Ngati muli ndi mitengo yanu ya bulugamu kapena malaina, chekani chaka chino, sanjani matabwawo pa mthunzi mutaika timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, mudzapangitse kabati chaka cha mawa. Paini wa ku Chikangawa ndi wosavuta kupala koma chiswe chimamukonda, choncho amafunika kupakidwa mankhwala oteteza matabwa ndiponso asagunde pansi. Mlombwa chiswe sichiulowa msanga, koma mitengo yachilengedwe ngati imeneyi yatha m'madera ambiri, ndipo sindingalangize munthu kuti akagwetse mlombwa wa zaka makumi ambiri chifukwa cha malo oika makapu.

Kwa mlimi wa kumudzi kapena wa pa msika wa m'mbali mwa msewu, njira imene ndaiona ikupirira ndi yomanga kabati ndi njerwa. Mmisiri amange timakoma tating'ono, mashelefu akhale a simenti, ndipo matabwa agwire ntchito pa zitseko zokha. Shelefu ya pansi ikwere masentimita 10 kapena 15 kuchoka pansi kuti madzi okolopera asaifike. Chitseko chimodzi chikhale cha waya wa sefa kuti mpweya uzilowa koma ntchentche zisalowe. Kabati yotere chiswe chilibe poluma, ndipo kumbuyo kwake kulibe mpata wobisalamo makoswe. Ngati mwasankhabe ya matabwa, ikhale ya miyendo, italikirane pang'ono ndi khoma, kuti tsache lizidutsa ndiponso kuti muzitha kuona msanga mizere ya dothi imene chiswe chimamanga pokwera.

Pa nkhani ya amisiri, mikangano yambiri imayamba chifukwa chopereka ndalama zonse ntchito isanayambe, kapena chifukwa kalipentala anapanga kabati asanaone n'komwe khitchini yake. Muitanitseni abwere ndi tepi adzayeze yekha. Lembani pa pepala mtundu wa matabwa, miyeso, mtengo ndi tsiku lomaliza, aliyense asunge lake, pakhale ndi mboni. Perekani ya zipangizo poyamba, yotsalayo mukaona zitseko zikutseka. Mmisiri wokhulupirika sakana zimenezi, pakuti zimamutetezanso iye kwa mlimi wokonda kusintha maganizo ntchito ili pakati.

Pamwamba pa kabati pamakhala tebulo lokonzerapo ndiwo, lija ena amalitcha kauntala. La chipibodi chokutidwa limakakamuka mukatula poto wotentha, ndipo madzi amalowera m'mbali mwa sinki. La matailosi ndi lokongola, koma m'mizere ya pakati pa matailosi mumakhala litsiro la nsomba ndi nyama, ndipo mmisiri akasiya mphako kunsi tailosi limasweka mukangoponyapo mpeni. La simenti yosalaza bwino ndi lotsika mtengo ndipo limapirira moto ndi madzi. Muyeso wake ndi ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje wosefa ndi zinayi za timiyala, kukhuthala kwake masentimita 7 kapena 8, m'kati muli tizitsulo. Mukathira, lifunditseni ziguduli zonyowa ndipo muzilithirira madzi kwa masiku osachepera 7. Ming'alu yambiri imene mumaiona imabwera chifukwa chosiya simenti kuuma msanga pa dzuwa.

Kutalika kwa tebulo limeneli ndi nkhani imene amisiri ambiri saiganizira. Iwo amatengera muyeso wa m'makhitchini a m'tauni, wa masentimita pafupifupi 90. Muyeso umenewu unakonzedwera anthu amene savundula nsima. Kuthyakula nsima ya banja la anthu asanu ndi atatu kumafuna mphamvu ya phewa ndi msana, ndipo mayi amafuna kuti poto akhale m'munsi mwake kuti mthiko uzimira bwino. Mukasanjika mbaula pamwamba pa tebulo lalitali chotere, mkamwa mwa poto mumafika m'chifuwa, phala lotentha likumuthovukira kumaso. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene amayi amabwererera ku mafuwa ngakhale mutawagulira zodula. Yezani pa thupi la wophikayo: podulira ndiwo pakhale kunsi pang'ono kwa chigongono chake ataimirira, ndipo pokhazika poto wa nsima patsike kwambiri kuposa pamenepo.

Za zipangizo za magetsi, funso loyamba ndi lakuti kodi mudzaphikira chiyani tsiku limene magetsi azima. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu January 2022 namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo zinatenga kupitirira chaka kuti makinawo ayambenso kugwira ntchito. Choncho ngakhale mutagula mbaula ya magetsi, khitchini yanu ikhalebe ndi malo abwino a moto wa nkhuni, otuluka utsi. Chachiwiri ndi mawaya. Soketi wamba ya pakhoma imanyamula maampu 13, omwe ndi mawati pafupifupi 3,000. Mbaula ya mapuleti anayi ndi uvuni imakoka kuposa pamenepo, ndipo imafuna waya wakewake wokhuthala wochokera pa bokosi la magetsi. Kuilumikiza pa soketi wamba kapena pa waya woyendera mababu ndiko kuitana moto pa denga. Ntchitoyi agwire ndi mmisiri amene ali ndi chilolezo cha bungwe la MERA. Amene muli ndi sola ya panyumba yoyatsira mababu ndi kutchajira foni, dziwani kuti hotipuleti imodzi yokha imafuna mawati 1,000 kapena kuposerapo, ndipo sola yaing'ono singaikwanitse.

Firiji ndi yothandiza, makamaka kwa woweta ng'ombe za mkaka kapena wochita geni ya zakumwa zozizira, chifukwa imabweza ndalama zake. Koma nayo ili ndi malamulo ake. Mukainyamula pa ngolo kapena pa lole, iimikeni maola angapo musanaiyatse. Musaipanikize pakati pa makabati kapena pafupi ndi moto, pakuti imapumira kumbuyo. Gulaninso kachipangizo kaja koiteteza magetsi akabwera mwamphamvu. Ndipo musanalipire chipangizo chilichonse, funsani kuti chikaonongeka adzakonza ndani ndipo zitsulo zake zimapezeka kuti. Ndalama ya kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi zonse ikagwa, katundu wochokera kunja ndi zitsulo zake ndi zimene zimayamba kukwera mtengo. Njerwa, mchenga ndi dothi la mbaula zili pakhomo panu pomwepo.

Pali chinthu china chimene monga mlangizi wa zaulimi sindingachisiye. Kabati yatsopano yokhala ndi loko imakopa abambo kusungamo mankhwala a mbewu. Ndapezapo Actellic, mankhwala opopera thonje ndi tomato, ngakhale Temik wophera makoswe, zili shelefu imodzi ndi mchere ndi shuga, ena atawathira m'botolo la zakumwa. Mwana sawerenga chizindikiro cha pa botolo. Mankhwala onse akhale m'bokosi lokhoma kunja kwa khitchini, m'mabotolo awo enieni. Mapiritsi aja ofukizira chimanga m'matumba asagwiritsidwe ntchito m'nyumba yogona kapena yophikira anthu, chifukwa mpweya wake umapha. Ufa ndi mtedza nazo musazisunge kunsi kwa sinki kapena mogundana ndi khoma lonyowa. Chinyontho chimabweretsa chuku, ndipo chuku cha mu mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Poizoni ameneyu satha ndi kuphika.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti ndikufuna anthu a kumudzi akhalebe m'mbuyo, kuti zokongola ndi za a m'tauni okha. Ayi ndithu. Mayi wa ku Nsundwe ali ndi ufulu wokhala ndi khitchini yowala monga mnzake wa ku Area 47. Chimene ndikukana ndi kugula kukongola kwa miyezi isanu ndi umodzi ndi ndalama zimene zikanamanga chinthu cha zaka makumi awiri. Mukayamba ndi mazenera, chumuni, paipi ndi simenti chaka chino, kabati ya magalasi mudzaigula chaka cha mawa ndipo idzapeza malo ouma, opanda mwaye, momwe idzakhalitse. Mukayamba ndi kabati, chaka cha mawa mudzagulanso kabati.

Mawu omaliza apite kwa abambo anzanga, popeza m'mabanja ambiri ndalama za mbewu zimafikira m'manja mwathu, ngakhale kuti kumunda tinali awiri. Safunsa anadya phula. Musanapite ku sitolo, khalani pansi m'khitchini pamene mayi a kunyumba akuphika, kuyambira kusonkha moto mpaka kuomola nsima. Onani kumene utsi ukupita, kumene akutaya madzi, kangati akuwerama ndi pamene mwana akukwawira. Mukatero afunseni chimene chimawavuta koposa, ndipo ndalama yoyamba ipite pamenepo. Mwina adzatchula kabati, koma musadabwe akatchula zenera.